Buluku la Mwendo Umodzi Waufupi

Mayi wosoka pakhonde la sitolo ya nsapato uja anthu ankangomutchula kuti Atelala. Anafika mumzinda muno zaka zinayi zapitazo, atathawa kwawo kumene asilikali ankagwira aliyense wopemphera mosiyana ndi iwo. Anawoloka malire ndi sizasi ndi tepi yoyezera basi. Amuna awo, amene ankatsimphina mwendo wakumanzere chibadwire, analephera liwiro la anzawo panjira.

"Tsogolani, mayi, ndikupezani," anatero. Kudikira kunayambira pomwepo.

Lolemba lililonse Atelala ankavundikira makina awo n'kupita ku ofesi yolembetsera othawa kwawo. Anzawo ankayang'ana nkhope za obwera kumene, iwo maso ali kumapazi, kufuna wotsimphina. Mlonda wa pageti mpaka anazolowera kuwaseka: "Amayi, singano ija simunaipezebe?" Iwo ankasekako, koma mumtima munkawawa, osati pang'ono.

Ndiye tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wina wowonda ngati ndodo, wolankhula chinenero cha kwawo, buluku lotuwa lili m'manja.

"Amayi, amene anasoka ili ayenera kuti anali ataledzera. Onani, mwendo umodzi ngwaufupi. Munditalikitsireko."

Atelala anatembenuza mpendero. Mwendo wakumanzere, wofupika ndi zala ziwiri, wopinda kawiri, wosokedwa pamanja ndi ulusi wobiriwira. Zaka makumi awiri anakhala akupinda choncho mabuluku a munthu mmodzi yekha, kuti asamakwekwese pansi.

"Munalitenga kuti, achimwene?"

"Kundende, kwathu kuja. Langa linali litatha, ndinkangodziphimba ndi manja. M'mawa umene asilikali anabwera kudzatenga bambo wina wotsimphina, bambowo anavula ili n'kundiponyera. Akuti kumene akupitako salifuna."

"Anabwererako?"

Bamboyo anayang'ana pansi. "Otengedwa m'mawa sankabwerera, amayi."

Atelala sanalire pamaso pa mlendo. Anamukhazika pabenchi, anatenga kalezala, n'kuyamba kusomola ulusi wobiriwira uja pang'onopang'ono, osaudula. Anaukulunga pachala n'kuuika m'thumba la diresi. Kenako anatambasula mwendowo, nausita, naulinganiza ndi unzake. Atamaliza anapereka bulukulo kwa bamboyo, yemwe anathokoza.

Lolemba lotsatira, mwini sitolo ya nsapato anadabwa kumva makina akulira m'mawamawa.

"Lero simupita ku ofesi, Atelala?"

"Ayi, bambo," anayankha osadzutsa mutu. "Amene ndinkawadikira aja anafika kale."