Hutala Ija Ndinaimva

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndili Folomu 3, pamene ndinalowa koyamba mu mpikisano wothamangitsa magalimoto. Ndinali kamtsikana kowonda ngati bango, ndipo kuwondako ndi kumene kunandipezetsa mwayi umene lero ndimalakalaka ukanandipitirira.

Kwathu ndi kwa Changata, ku Thyolo. Amayi anali ndi kamunda kawo ka tiyi kogundizana ndi esiteti, ndipo kuyambira pamene bambo anamwalira, chilichonse cha pakhomo pathu chinkachokera m'manja mwawo. Ife ndife a Sabata. Loweruka dengu silikhudzidwa, koma Lamulungu, limene amayi amalitchula kuti tsiku loyamba, ntchito imayamba kusanache bwino. Popeza alimi ambiri a m'mudzi mwathu anali a mpingo womwewo, ogula masamba anatikonzera lole ya Lamulungu. Inkafika pa shedi cha m'ma 11 koloko, dalaivala n'kuliza hutala katatu, ndipo azimayi onse ankatuluka m'minda, madengu ali kumsana, kuthamangira kusikelo. Njira yachidule yopita kushediko inkadutsa kumapeto kwa bwalo lakale la ndege la pa esiteti. Njirayo ndinkatha kuyendamo nditatsinzina.

Amalume anga a Makwinja, alongo awo a amayi, anali makaniko wa mathirakitala ndipo ankakhala kukomboni, mbali ya kwa Chimaliro. Kutchalitchi anasiya kalekale. Amayi ankati chipembedzo cha alongo awowo ndi sipanala. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kagalimoto kakale kamene anagula katafa, n'kukadzutsa pang'onopang'ono kwa zaka zitatu. Anakatcha Kalongonda, chifukwa monga nyemba zija, kanatenga nthawi kuti kapse. Anaikamo kabuleta wamkulu, n'kudula ekisozi, moti akaliza injini nkhuku za komboni yonse zinkabalalika. Kenako anayamba kuchotsa zinthu. Mipando ya kumbuyo inapita, wailesi inapita, tayala lapadera linapita, ndipo tsiku lina ndinawapeza akumasula hutala.

"Chilichonse chosathamangitsa galimoto ndi katundu chabe," anatero, akuiponya m'ndowa ya mabawuti.

Pa holide ndinkapita kukathandiza azakhali, akazi awo a amalumewo, ntchito za pakhomo, koma kunena zoona mbale ndinkatsuka mwa changu kuti ndikaime pafupi ndi galimotoyo. Amalume anandiphunzitsa kuyendetsa m'timisewu ta pakati pa tiyi. Anadabwa kuona kuti phazi langa limamva kilatchi msanga ndipo dzanja silisochera pa giya. Ine ndinayamba kudzimva. Kusukulu ndinali mwana wamba, kutchalitchi mawu anga sankamveka n'komwe m'kwaya, koma pa chiwongolero ndinali munthu.

Nthawi imeneyo anyamata ena a ku Limbe anali atayamba kubwera pa bwalo la ndege lija kudzapikisana. Mpikisano wake ndi wosavuta kuumva. Magalimoto awiri amaima mofanana pa mzere, munthu amagwetsa nsalu, ndipo wofika koyamba pa migolo iwiri imene aika mamita mazana anayi kutsogolo ndiye wapambana. Palibe kukhota, ndipo zonse zimatha munthu asanamalize kusenda nthochi. Amalume analonjeza kuti Kalongonda adzaonekera. Kutatsala sabata imodzi, chitsulo cha ngolo chinawagwera pa phazi lamanzere, lopondera kilatchi. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Estere, sukwana n'komwe thumba la feteleza. Galimotoyi ikhoza kuuluka nawe."

Usiku umenewo tulo sitinabwere chifukwa cha chimwemwe. Amayi ndinawauza kuti Lamulungu sindithandiza nawo kutchola tiyi chifukwa amalume akufunika wowasamalira phazi. Anandipatsa chinangwa kuti ndikawapatse odwalawo.

Lachisanu madzulo tinapita kukaona bwalolo. Ndi lalitali, la dothi lofiira logangatika, tiyi mbali zonse ziwiri. Amalume ankayenda ndi ndodo, akuloza pomwe padzakhale migolo. Kupitirira pamenepo bwalo limapendekeka pang'ono kutsikira ku mitengo ya bulugama. Iwo anaima n'kuloza kanjira kotuluka m'mitengomo.

"Iwe ndiwe wa mbali ino. Kanjira ako kamadutsa anthu?"

"Lamulungu anthu amakhala ali kutchalitchi," ndinayankha.

Sikunali kunama kwenikweni, ndinadziuza choncho. Anthu a m'makomboni amakhaladi kutchalitchi. Komanso mpikisano unali wa 9 koloko, pamene lole imabwera 11. Ndinawerengera kuti azimayi azidzadutsa ife titamwazikana kalekale. Chimene ndinkaopa n'chakuti ndikatchula za loleyo, amalume adzati tisiye, kapena nkhani idzafika kwa amayi.

Lamulungu kunacha ndi nkhungu, ndipo dothi linali lonyowa pamwamba. Tinafika 8 koloko. Anyamata a ku Limbe anafika 10 itadutsa. Atafika sanafulumire. Anazungulira Kalongonda akuseka utoto wake wa mitundu itatu, ndipo atamva kuti woyendetsa ndine, mmodzi anafunsa ngati ndabwera ndi pilo wokhalira. Amalume ankangomwetulira. Ine ndinkayang'ana dzuwa, limene linali litaboola nkhungu n'kumakwerabe.

Magalimoto ena anayamba kupikisana awiriawiri. Ankati akadutsa migolo, ankapitirira ndithu mpaka pafupi ndi bulugama asanaime. Ndinaona zimenezo. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze amalume, koma iwo anali kalikiliki kuphwetsa matayala pang'ono kuti agwire dothi, nkhope yawo ikuwala ngati ya mwana. Ndinati ndidikire amalize.

Nthawi yathu inakwana. Wopikisana nane anali Bonifasi, mnyamata wa galimoto yakuda yonyezimira. Amalume anandiveka chisoti cha njinga yamoto chimene chinkanunkha thukuta la munthu wina, n'kumanga lamba mpaka ndinavutika kupuma.

"Usamuyang'ane iyeyo. Yang'ana nsalu. Ikagwa, kilatchi usaitaye, uyiperekeze. Giya yachiwiri msanga. Ukadutsa migolo, buleki pang'onopang'ono, malo alipo ambiri."

Injini zinali zisanalizidwe. Anyamata anali akukankha galimoto ya Bonifasi kuti ifanane ndi yathu pa mzere, ndipo kwa kanthawi kochepa pabwalo panali zii. M'kachetechete ameneyo, kuchokera kutsidya kwa bulugama, hutala inalira. Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Palibe amene anatembenuka. Kwa iwo inali lole chabe ikudutsa kwinakwake. Pa anthu onse amene anali pamenepo, ndine ndekha amene ndinkadziwa kuti pa nthawi imeneyo azimayi akukankhira masamba omaliza m'madengu, akumanga zitenje, akuitanizana. Ndinkadziwanso amene amakhala patsogolo nthawi zonse, chifukwa amayi sankafuna kuti masamba awo afote pa mzere wa sikelo.

Amalume anagogoda padenga kuti ndilize injini. Ndinaliza. Galimoto yonse inanjenjemera, mabawuti akulira m'zitseko zopanda kanthu. Ndikanatha kutulutsa dzanja pawindo n'kunena kuti dikirani. Ndi mawu amodzi okha. Koma ndinaganiza za mnyamata wa pilo uja, ndinaganiza kuti adzati mtsikana wachita mantha, ndipo ndinayambanso kuwerengera. Kuchokera kumunda kwathu kufika pa kanjirako ndi mphindi zisanu. Mpikisano sutha ngakhale theka la mphindi. Sindinafune kukumbukira kuti masiku ena amayi amanyamukiratu akangomva kulira kwa lole ikukwera chitunda.

Nsalu inagwa.

Kalongonda anadumpha, msana wanga n'kumatirira kumpando. Ndinamva matayala a Bonifasi akupala dothi pamalo amodzi, ndipo pamene ndinkalowetsa giya yachiwiri anali atatsalira. Tiyi wa m'mbali anasanduka nsalu imodzi yobiriwira. Giya yachitatu inalowa bwinobwino. Ndisabise, pa kanthawi kameneko ndinaiwala zonse. Ndinasangalala kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga, ndipo ndinaponda moto mpaka chitsulo chinagunda pansi. Migolo inadutsa ngati yaponyedwa.

Nditakweza maso, ndinaona duku loyera likutuluka m'mitengo ya bulugama. Kumbuyo kwake kunali ena, mzere wa madengu. Munthu wosenza dengu la kumsana amayenda chowerama, maso ali pansi. Phokoso analimva ndithu, koma kuno anthu anazolowera mathirakitala, ndipo palibe thirakitala imene imafika pa munthu msanga chotero.

Ndinamenya pakati pa chiwongolero ndi chikhatho. Sipanamveke kanthu. Hutala inali m'ndowa ya mabawuti kwa amalume.

Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, zimene anandiletsa zija. Matayala anauma, galimoto n'kuyamba kutsetsereka chammbali pa dothi lonyowa lija. Chiwongolero chinapepuka m'manja ngati chaduka. Duku lija linali likukula. Ndinaona nkhope ikudzuka, ndinaizindikira, ndipo ndinakuwa mawu amene sindiwakumbukira. Ndinachotsa phazi pa buleki, matayala n'kugwiranso, ndipo ndinapotoza chiwongolero chonse kumanja, kulowa m'munda wa esiteti.

Mitengo ya tiyi imaoneka yofewa pamwamba, koma pansi pake ndi nkhuni zolimba za zaka zambiri. Inandigwira. Galimoto inathyola mizere ingapo, n'kuima mphuno ili m'mwamba, nthunzi ikutuluka. Bonifasi, amene anali kumbuyo kwambiri, anaima bwinobwino.

Ndinatuluka mlomo ukutuluka magazi. Azimayi anali atamwazikana, madengu ali mbwee. Amayi sanali panjira. Pothawa anadumphira mu ngalande ya madzi ya m'mphepete mwa bwalo, dengu lodzaza n'kuwagwera pamwamba. Galimoto sinawakhudze. Anzawo anawatulutsa atagwirizira mkono wamanja pachifuwa, dzanja litapindika mosayenera.

Ndinavula chisoti. Ndi pamene amayi anadziwa kuti woyendetsa anali ndani. Amayi akakwiya amalankhula Chilomwe chokhachokha, ndipo ndinkayembekezera chimenecho. Amalume anafika akutsimphina, akupepesa, akuti mlandu ndi wawo, iwo sankadziwa kuti njirayo imadutsa anthu Lamulungu. Amayi sanawayang'ane n'komwe. Anandifunsa m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Estere, hutala ya lole unaimva?"

Ndikanatha kunena kuti chisoti chinanditseka makutu. Aliyense akanakhulupirira.

"Ndinaimva, amayi."

"Chabwino. Tola masambawo, lole isatisiye."

Ndinagwada m'matope n'kuyamba kutola tiyi wa amayi tsamba limodzilimodzi, anyamata a ku Limbe akuonerera. Palibe amene anatchula zakuti ndapambana. Dengu ndinakapimitsa ndine, pamene galimoto ya Bonifasi inkatengera amayi kuchipatala cha mishoni.

Fupa linathyoka pawiri. Linalumikizana, koma zala sizinabwererenso mwakale. Wotchola tiyi chuma chake ndi zala, ndipo amayi anali m'gulu la othamanga manja m'mudzi monse. Kuyambira pamenepo ankatchola ndi dzanja limodzi, linalo likungothandizira. Nyengo yonse ya mvula imeneyo ndinkalowa m'munda ndisanapite kusukulu, ndipo Lamulungu lililonse ndinkadutsa ndi dengu pamalo pomwe mitengo ya tiyi inathyoka. Eni esiteti anatseka bwalolo ndi ngalande ziwiri. Amalume anandilankhula kamodzi kokha za nkhaniyi, akubwezeretsa hutala m'galimoto muja.

"Ine ndinachotsa hutala, cholakwa chimenecho ndi changa. Koma iwe ndinakufunsa."

Amayi sanandimenye, sanandinenere kwa akulu a mpingo, ndipo mpaka lero sanaibwerezenso nkhaniyo. Ndikanakonda akanandimenya.

Panopa ndili ndi zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndimayendetsa ambulansi. Liwiro ndimalikondabe, sindinganame. Anthu akamva nkhaniyi amathamangira kunena kuti phunziro lake ndi kuipa kwa liwiro, kapena kuti mwana asapatsidwe chiwongolero. Mwina n'zoona. Koma ine ndikaiganizira, sindiona buleki kapena matope. Ndimaona kamphindi kaja injini zisanalire, pamene ndinali ndi chinthu chimodzi chimene wina aliyense analibe, ndipo ndinachisunga m'kamwa chifukwa choopa kusekedwa. Ngoziyo sinachitikire kumapeto kwa bwalo. Inachitikira pa mzere woyambira, galimoto itaima.

Mwezi wa June ukafika, chiperoni chikakuta mapiri, dzanja la amayi limawawa. Ndikapita kumudzi ndimawatenthetsera madzi n'kuwathowa. Iwo amakamba za mitengo ya feteleza ndi za ana a kwaya, ine ndikuwongola zala zija chimodzichimodzi. Lamulungu, cha m'ma 11, lole imalizabe hutala katatu kutsidya kwa bulugama. Tonse awiri timaimva, ndipo amayi sachotsa dzanja lawo m'manja mwanga.