Ndinatuma Buku kwa Bambo Anga

Pali nkhani ina yaifupi ya Chingerezi imene ndimauza anthu kuti awerenge, koma ine mwini sindifunanso kuiona. Ili m'buku lakale la ku sekondale, lothothoka chikuto. Imakamba za telala wokalamba amene anathamangitsa mwana wake mmodzi yekhayo, kenako n'kumamusokera zovala chaka ndi chaka, kungoganizira msinkhu umene wafika, n'kumazipinda m'bokosi. Palibe amene amafa m'nkhanimo. Munthu amangokalamba yekhayekha, basi.

Ndinaipeza ndikuphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Nsaru, matipate atangoyamba kumene. Nthawi imeneyo kwathu kunalibe mtendere. Mayi anali atamwalira, ndipo mlongo wanga, womaliza kubadwa, anatenga mimba ali Fomu 3. Mwini mimbayo anali mnyamata wa ku Phalombe, mwana wa tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula. Bambo anga, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, anamutulutsira mlongo wangayo chikwama pakhonde. A malume anayesa kuwalankhula, anabwerako nkhope itagwa.

Ine ndinkadziwa kumene mlongo wanga ali. Ndinapitako kawiri panjinga, mobisa ngati wakuba. Ndinamupeza m'kanyumba ka udzu kuseri kwa zigafa zoumitsira fodya, zala zitada ndi fodya, mwana ali kumsana.

"Achimwene, kodi Bambo amanditchulako?"

Ndinati amakutchula. Linali bodza.

Tsono ine, mwamuna wa ndevu, woopedwa ndi ana a sukulu, ndikafika pamaso pa Bambo ndinkalephera kutchula za mlongo wanga. Kwathu mwana salangiza bambo ake, amatuma munthu. Onse oti n'kuwatuma anali atalephera, ndiye ndinatuma buku. Ndinadziona wochenjera zedi, mpaka kudziyamikira ndekha panjira.

Munali mu Febuluwale pamene ndinawapatsa, nditapinda tsamba pamene nkhaniyo ikuyambira.

"Bambo, muwerengeko iyi. Chingerezi chake n'cha nthawi yanu."

"Ika pathebulopo."

Ndikapita kukawaona ndinkafunsa ngati awerenga. Ankangoti, "Ndikuwerenga." Chimanga chinacha, chinauma, tinakolola, buku lili pomwepo pansi pa wailesi. Mu Juni ndinaona fumbi pachikuto ndipo ndinapsa mtima. Ndinati mkuluyu wawerenga, wamva, koma waumitsa khosi dala. Ndinasiya kupitako. Kwa mlongo wanganso ndinasiya, poti ndikananena chiyani? Ndinatopa kunama.

Patchuthi cha mu Ogasiti ndinapita kuti ndikatenge buku langa. Ndinawapeza pakhonde masana, akuothera dzuwa atavala juzi. Nditatuluka nalo m'nyumba anamva masamba akulira m'manja mwanga.

"Aphunzitsi, takhalani pansi," anatero, monga ankandinenera akafuna kundiseka. Koma sankaseka. "Undiwerengere. Maso angawa anasiya kale. Zilembo zimangosungunuka."

Inali ng'ala. Kutchalitchi ankatsegula Baibulo n'kumanena mavesi a pamtima, anthu n'kumati akuwerenga. Munthu amene anaphunzitsa dera lonse kuwerenga sakanatha kuulula kuti iye sakuonanso. Ndipo ine, mwana wawo, ndinkabwera, kudya, kufunsa za buku, osawayang'ana m'maso ngakhale kamodzi. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sanandichoke.

Ndinawerenga nkhani yonse. Nditamaliza anasisita bondo.

"Telalayu ndi chitsiru," anatero. Kenako: "Kodi iwe ukudziwa kumene ali mwana uja?"

"Ndikudziwa, Bambo."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

"Ndiye iwe n'kundibweretsera buku?"

Ndinangoyang'ana pansi ngati mwana wa Sitandade 1.

M'mawa mwake anavala jekete lawo la kutchalitchi. Anagula shuga ndi sopo pa golosale, ndipo ndinawakweza pakaliyala ya njinga yanga. Msewu wa ku Kabudula mu Ogasiti ndi fumbi lokhalokha, koma sanadandaule. Ankangofunsa za mdzukulu wawo, ngati ndi wamwamuna, ngati anayamba kuyenda, ngati wafanana ndi mayi anga.

Tisanafike n'komwe ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Zigafa zinali mbee, mopanda tsamba ngakhale limodzi. Ine wobadwira m'dera la fodya ndinaiwala chinthu chimene aliyense amadziwa: fodya akagulitsidwa, matenanti sakhalitsa. Kapitawo anatiuza kuti anthu ananyamuka palole masabata awiri apitawo, ena ku Kasungu, ena ku Mchinji, ena kuwoloka malire.

"A ku Phalombe? Aaa, bambo, analipo ambiritu. Sitifunsa kumene munthu akupita."

Bambo anandiuza kuti ndiwaperekeze ku kanyumba kaja. Chitseko anali atazulapo. Anawerama n'kulowa, akupapasa khoma, thumba la shuga lili m'khwapa. Ndinawamva akufufuza pansi ndi ndodo, mpaka anagunda mafuwa.

"Ankaphika pano eti?"

"Eya, Bambo."

Anakhala m'menemo kanthawi. Atatuluka sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anangondigwira mkono kuti asapunthwe.

"Miyezi yonseyi ndimadikira munthu woti andiuze kuti tiyeni," anatero. "Ndimamva njinga yako ikufika, n'kumati lero anena."

Tinafunsafunsa m'maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji zaka zitatu. Bambo anamwalira osamuona. Ine ndikufunsabe.