Mpeni Wopinda Umene Ndinakabweza ku Bangula

Ndagulitsa nsomba zowamba zaka zambiri ndithu, koma pa zaka zonsezo mpeni wapamwamba ndinagulapo kamodzi kokha. Unakhala wanga masiku anayi.

Ntchito yanga imayenda chonchi. Ndimalawirira kudooko, m'mphepete mwa dambo lalikulu la Shire, kukadikira asodzi akamakocheza mabwato. Ndikagula milamba ndi makakana, ndimang'amba pomwepo, kuchotsa matumbo, kutsuka, kenako n'kukawamba kunyumba. Tsiku la msika ndimakwera kabaza ndi dengu langa kupita ku Bangula. Kwa ine mpeni ndiye khasu. Umene ndinali nawo masiku amenewo unali wautali, wa chigwiriro cha mtengo, wonoledwanoledwa mpaka kuwonda ngati tsamba la bango. Ndinkaukulunga m'chitenje chakale n'kuuponya m'chikwama.

Tsiku lina njinga inagwera m'kadzenje, chikwama changa n'kugunda msana wa woyendetsa. Nsonga ya mpeni inaboola chitenje, kuboola chikwama, kuboolanso malaya ake. Sanavulale kwenikweni, unangomukanda, koma mmene anakuwira munthu wamkulu uja, anthu amene ankalima m'minda ya mapira anaweramuka onse. Woyendetsa uja anaimitsa njinga nati, "Mayi, ngati mtengo wakukwererani, nenani tikambirane. Zobayanazi ayi." Ndinapepesa njira yonse, ndinamupatsanso kamlamba ka ndiwo, koma nkhani inafala. Sabata yonseyo akabaza akandiona ankayamba afunsa kaye kuti, "Chida chija mwasiya kunyumba?"

Ndiye ndinati ndipeze mpeni wopinda.

Ku Bangula kunali sitolo ya zitsulo ya bambo wina amene anabwera ndi makolo ake kuchokera ku Mozambique ali mwana. Ankagulitsa misomali, makasu, maloko, mbedza, zingwe za nayiloni. Polankhula ankasakaniza Chisena ndi Chichewa monga timachitira tonse kuno. M'masitolo ena mumapeza chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, koma bambo ameneyu analibe chikwangwani chotero, ndipo anthu ankamukonda chifukwa cha zimenezo.

Mipeni yopinda ankaisunga m'kabati yagalasi. Ananditulutsira umodzi wa chigwiriro chakuda, wokhala ndi tizitsulo tonyezimira kumapeto. Poutsegula unalira kaphokoso kokoma m'makutu, ndipo poupinda unalowa wonse m'chikhatho changa. Mtengo wake unali wa milamba ikuluikulu isanu. Ndinazengereza, ndinauika pansi, ndinautolanso.

"Tengani, mama," anatero mwini sitolo. "Mukasintha maganizo sabata isanathe, mudzabwere nawo m'kabokosi kake, tidzasintha ndi china. Bola mukhale musanaugwiritse ntchito."

Ndinalipira, ndinaumangirira kunsonga ya chitenje, n'kukwera kabaza mtima uli m'malo.

Tsiku loyamba kudooko kunali makakana okhaokha, ndipo mpeni uja unkadutsa ngati ukucheka papaya. Amayi anzanga anandizungulira. Aliyense ankafuna autsegule, aupinde, amveko kaphokoso kaja. Wina anati ndayamba kukhala ngati bwana wa kuesiteti ya nzimbe. Ndinaseka, koma mumtima ndinakondwera.

Tsiku lachiwiri kunabwera mlamba waukulu, wamtali ngati mkono wanga. Amene anang'ambapo mlamba amadziwa kuti mutu wake ndi wouma ngati chibade cha kamba. Ndinazika nsonga pafupi ndi mutu, ndinakanikiza ndi mphamvu monga ndinkachitira ndi mpeni wakale, basi mpeni unangopindika, n'kutsekera chala changa chamkombaphala. Magazi anatuluka ambiri kuposa kukula kwa bala. Ndinamanga ndi kansanza, ndinabwereka mpeni wa mnzanga, n'kumaliza ntchito. Pamenepo ndi pomwe ndinaona bwino zimene ndinagula. Unali mpeni wosendera mango ndi kudulira zingwe. Unali waufupi, ndipo zoterera za mlamba ndi timagazi zinali zitalowa mkati, mopindikira muja.

Masana ake ndinafotokozera bambo a kunyumba, tili pansi pa mtengo wa nimu pothawa dzuwa la mu Okutobala. Iwo ndi mlimi wa thonje ndi mapira, munthu wosachedwa kupeza nzeru, ngakhale kuti si zonse zimene zimakhala zolunjika. Anautembenuzatembenuza mpeni uja, anafunsa ngati kabokosi ndinasunga, kenako anati, "Palibe vuto apa. Chitsulo sichikalamba masiku awiri. Bweretsani phulusa."

Anagwira ntchito imeneyo ndi mtima wonse. Anakwecha ndi phulusa, anatsuka ndi sopo, analowetsa mswachi wakale mopindikira muja. Tikanunkhiza, mlamba unali momwemo. Anafinyiramo ndimu, anauyanika padenga la khola la mbuzi, tinanunkhizanso. Fungo linachepa, koma silinathe. Ndiye anati pakufunika mafuta a makina osokera, ndipo ananditumiza kwa mlongo wawo.

Mlamu wangayo amasoka zovala pakhonde la nyumba yake, kuseri kwa yathu, ndipo amaimba kwaya kutchalitchi. Timagwirizana kwambiri, koma ndi munthu wosabisa mawu. Sanangondipatsa botolo, anabwera nalo yekha kuti adzaone chimene chikufuna mafuta. Atamva nkhani yonse anakhala pamphasa nati, "Mafuta ndi awa. Koma alamu, akakakufunsani kuti mwaugwiritsa ntchito kapena ayi, mukayankha chiyani?"

"Akafunsiranji?" anatero bambo a kunyumba. "Maso ali nawo. Aone yekha."

"Sindikufunsa inu, achimwene. Wopita kumeneko si inu."

"Mpeni umenewu wavulaza munthu. Wolakwa ndi amene anagulitsa."

"Ndiye akanene zomwezo. Akamuonetse chala, amuuze kuti mpeni wake wachita izi."

"Akatero ndiye kuti waulula kuti anaugwiritsa ntchito!"

"Eya," anatero mlamu, n'kuseka.

Ine ndinkapukuta chigwiriro. Ndinati sindikanama. Ndikangonena kuti mpeni sunandikomere, zomwe zinali zoona, basi. Mlamu anandifunsa ngati ndinaiwala za mayi uja wa mlamba. Sindinaiwale. Chaka chapitacho mayi wina anagula kwa ine mlamba wowamba, n'kubwera nawo mawa lake akuti si umene mwamuna wake amakonda, ndimusinthire ndi makakana. Anauika padengu mbali yabwino ili kumwamba. Nditautembenuza ndinapeza mbali inayo atainyotsola mpaka paminga. Nkhani imeneyo ndinaikamba mwezi wathunthu, ndipo amene anaimva kwambiri anali mlamu yemweyu.

"Zimenezo n'zosiyana," ndinatero. "Mpeni sunadyedwe."

"Mwina," anatero iye. Titadonthezera mafuta pa mpeni, anatenga botolo lake n'kubwerera kumakina.

Mafuta aja anagwiradi ntchito. Mpeni unawala kuposa mmene ndinaugulira. Bambo a kunyumba anauika m'kabokosi mosamala, ngati akugoneka khanda.

Tsiku lachinayi ndinasamba bwinobwino, ndinavala chitenje chochapa, ndipo dengu la nsomba ndinalisiya kunyumba kuti fungo lisanditsate. Chala chomanga chija ndinachibisa m'mphepete mwa chitenje. M'sitolo ndinapezamo munthu mmodzi yekha, bambo wachikulire wovala chipewa cha mlaza, amene ankasankha maloko.

"Muli tani, mama?" anandilonjera mwini sitolo.

"Ndiri pyadidi," ndinayankha, n'kuika kabokosi pathebulo ndi dzanja lamanzere. "Mpeni uja sunandikomere. Ndimati mundisinthire."

Anatsegula, anautulutsa, anauyang'ana mbali zonse. Sanafunse kanthu. Nthawi yomweyo mphaka wamkulu amene amamusunga chifukwa cha makoswe anadzuka pa matumba a simenti pamene anagona, anadziwongola, n'kulumphira pathebulo. Sanapite kwa ine. Analunjika pa mpeni, n'kuyamba kununkhiza mopindikira muja, ndevu zikunjenjemera.

Mwini sitolo anangomukankha. "Choka iwe. Musamudandaule, mama, amadziwa kuti mumagulitsa nsomba." Anabwezera mpeni m'kabokosi, anatsegula kabati yagalasi, n'kuuika pakati pa mipeni yatsopano. "Sankhani chimene mukufuna cha mtengo womwewo."

Zinali zitatheka. Ndinatembenukira kumene kunali mipeni wamba, ndipo ndikanatha kusankha n'kumapita. Koma bambo wa chipewa uja anasendera pakabati, analoza kabokosi komwe kaja nafunsa, "Umenewu ndi watsopano? Ndikufuna wopatsa mkamwini wanga."

"Watsopano," anayankha mwini sitolo.

Mawu amenewo anandilasa. Bodza limene ndinalizemba ndi pakamwa panga linali litatulukira pakamwa pa munthu wina, amene anangondikhulupirira. Ndinaona m'maganizo mwanga mkamwini wosamudziwayo akutsegula mphatso yake, akusenda mango, akumva kafungo ka dooko. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinatulutsa dzanja m'chitenje n'kuimika chala chomanga chija ngati mwana wasukulu.

"Bambo, si watsopano. Ndang'ambira nsomba masiku awiri. Mphaka wanuyo sakunama."

Kenako bambo wa chipewa uja anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsamira pa makasu. Mwini sitolo nayenso anaseka, akupukusa mutu. Ine manyazi anandigwira mpaka kuzikhadabo, koma poona anthu akulu awiri akuseka choncho, nane ndinalephera kudzigwira.

Ndinafotokoza zonse: za mutu wa mlamba, za phulusa, za ndimu, za mafuta a makina. Mwini sitolo anautulutsanso mpeni, anaununkhiza, nati, "Amuna anu akadzafuna ganyu, abwere. Ndili ndi makasu adzimbiri kuseriku."

Ndinamufunsa ngati anadziwa kale. Anati kudziwa kwenikweni nkhabe, sanadziwe, koma munthu wopereka katundu ndi dzanja lamanzere, lamanja atabisa, amadabwitsa. Sanafune kundifunsa pamaso pa mlendo. Kenako ananena chinthu chimene sindinachiyembekezere.

"Mlandu ndili nawo nanenso, mama. Ntchito yanu ndimaidziwa. Tsiku lija ndinadziwa kuti mpeni uwu si wa mlamba. Ndikanakuuzani. Koma munaukonda, ndipo ine ndinkafuna kugulitsa, ndiye ndinatseka pakamwa. Ndipo lero ndanena kuti watsopano mtima ukukayika."

"Ndiye muweruzane nokha," anatero bambo wa chipewa. "Ine ndingotenga loko. Mkamwini adikire."

Tinakambirana bwinobwino, ngati anthu amalonda. Iye anati sangaulandire pa mtengo wa watsopano, chifukwa sangaugulitsenso choncho. Ine ndinavomera. Ndinati ngakhale akane kuulandira sindidandaula. Anati kukana sakana, popeza theka la mlandu wa chala chija ndi lake. Anandisankhira mpeni wamba, wokhuthala msana, wa chigwiriro cholimba, wotsika mtengo kuposa wopinda uja. Ndalama zotsalazo tinati zipite, ndiye malipiro a masiku awiri aja. Nditamuuza chimene chinandichititsa kugula mpeni wopinda, za msana wa munthu wa kabaza, anadula kachidutswa ka payipi yakuda yothiririra, anakaphwatalitsa ndi nyundo, n'kulowetsamo mpeni watsopanowo. Unakwana ndendende. Sanandilipiritse.

Mpeni wopinda uja sanaubwezere m'kabati. Anauika pawokha pathebulo, analemba pa kachidutswa ka katoni kuti wagwirapo ntchito, n'kutsitsa mtengo.

"Takhuta," ndinathokoza potuluka.

"Takhuta ndi ine," anatero. "Koma mukadzabweranso, mphakayu mudzamutengereko mutu wa mlamba. Wagwira ntchito lero."

Kunyumba mlamu anamva nkhaniyo kawiri, kachiwiri ataitana mnzake wa kwaya kuti amve nawo za mphaka. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangondisokera kathumba ka nsalu koikamo mpeni ndi payipi yake. Bambo a kunyumba ndi amene anadandaula. Anati ntchito yawo ya tsiku lathunthu yapita m'madzi, ndimu ziwiri zatayika pachabe, ndipo ndawachititsa manyazi potchula dzina lawo pa nkhani ya phulusa. Kenako anafunsa, ngati mongocheza, kuti mtengo watsika kufika pati.

Tsiku la msika lotsatira anati akupita ku Bangula kukafunsa za mankhwala a thonje. Anabwera dzuwa likupendeka, mankhwala alibe. Anakhala pansi pa nimu, anapisa m'thumba la buluku, ndipo ndinamva kaphokoso kaja.

"Abambo, chimenecho n'chiyani?"

"Mpeni wanga," anatero, akusenda nzimbe osandiyang'ana. "Ndaupeza wotsika mtengo. Mwini sitolo wandiuza zonse, akuti unali wa mayi wina wogulitsa nsomba, woona mtima kwambiri. Ndati palibe kanthu, mayi ameneyo ndimamudziwa."

Mpaka lero ali nawo. Amadulira zingwe za mbuzi, amasongolera zikhomo, amasendera adzukulu mango. Ndikati ndibwerekeko ngakhale kudulira anyezi, amakana, amati mipeni yopinda sindiidziwa kagwiridwe kake.