Zenera Limene Amayi Anaboola

Ndikukumbukira chiperoni cha chaka chimene ndinali Sitandade 5 ku Milepa. Mng'ono wanga Esinati, wa zaka zinayi, ankatsokomola mpaka m'chifuwa kumalira ngati mluzu. Kuchipatala ankamupatsa mankhwala, koma sabata isanathe chifuwacho chinkayambiranso. Anthu anayamba kunong'ona kuti mwanayo anamulodza.

Amayi sanazimvere zimenezo. Anali ataona kuti titapita kumaliro ku Mikolongwe, Esinati anagona masiku atatu osatsokomola. Ndiye anamutumiza kwa azakhali sabata yathunthu, ndipo chifuwa chinaleka. Atabwerera kunyumba, tsiku lachiwiri chinayambiranso. Anachita zimenezi kawiri.

"Matendawa ali m'nyumba muno," anatero. "Tereza, tulutsa zonse m'chipinda mwanu."

Titasuntha matumba a chimanga, tinapeza khoma lili bii, pena pobiriwira, laubweya. Kunsi kwa mphasa yathu kunali kutayera. Fungo lake linali ngati la zovala zimene waziiwala m'beseni zili zonyowa. Amayi anamata nyuzipepala youma pakhomapo, ndipo m'mawa tinaipeza itanyowa. Mlangizi wa zaumoyo atabwera anati ndi chuku, ndipo mwana ankachipuma.

Chipindacho abambo anachimanga chopanda zenera poopa akuba. Nyumbayo ankainyadira, poti njerwa zake anaotcha okha.

Amayi atanena zoboola zenera, abambo anakana. "Khoma langa saboola munthu," anatero.

"Abambo a Tereza, njerwa mudzaumba zina. Nanga mwanayu?"

Abambo anangokwera njinga n'kumapita. Amayi anamanga chitenje m'chiuno, n'kutenga hamala. Ankamenya khomalo, fumbi lili mbuu kumaso, manja akutuluka matuza, ine ndikututa zidutswa. Pofika masana, dzuwa linalowa m'chipindamo koyamba chimangireni. Tinapala khoma lonse, kulipaka laimu, kutentha mphasa, n'kukumba ngalande kuseri kuti madzi asamaime pamaziko.

Abambo atabwera anayang'ana chibowocho nthawi yaitali. "Chakhota ichi," anatero. Anatenga hamala ija n'kuyamba kuchiwongola, ndipo mawa lake anaikamo felemu.

Esinati sanachire tsiku limodzi, koma dzinja lotsatira analidutsa akusewera fulaye ndi anzake.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati amayi anali amakani chabe. Lero ndimadziwa kuti ankaopa kwambiri, kuopa abambo ndi pakamwa pa anthu. Koma anali atafufuza mpaka kutsimikiza, ndipo atadziwa chimene chinkapha mwana wawo, sakanathanso kukhala pansi.