Phando la Mnzanu, Agogo

Agogo, lero kuboma lipenga litalira pamwambo wokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, tonse tinakhala chete, ine maganizo ali kumunda kwathu ku Chulu. Tsiku lina tikuwokera fodya, munandigwira dzanja ndisanaike mbande paphando loyamba. "Limenelo lisiye. Ndi la mnzanga amene tinapita naye kunkhondo, iye sanabwereko," munatero, n'kupitiriza ntchito.

Mpaka munatisiya sindinakufunseni dzina lake. Kodi kwawo kunali kuti? Ankalimanso fodya? Nkhata zamaluwa zaikidwa lerozi, ilipo yake? Nanga abale ake akudziwa kuti kuno ali ndi malo? Mvula yagwa, mawa tikuwokera. Phando lija ndilisiya, Agogo, ndipo lachiwirilo likhala lanu.