Mdzukulu Wanga M'chigafa cha Fodya

Ndiulule ndekha uchitsiru wanga anthu asanandiululire. Mpaka Lachiwiri lapitali, ine ndinkakhulupirira kuti sukulu ya mkombaphala yabwino umaidziwira pamsewu. Ukamva ana akukuwa Chingerezi mpaka nkhuku kubalalika, basi, sukulu ndi imeneyo. Musaseke. Ine ndinalekezera Sitandade 4, ndipo Chingerezi ndimachipatsa ulemu ngati wapolisi wa pamsewu.

N'chifukwa chake mdzukulu wanga Tadala, mwana wa Yohane wanga, atakwanitsa zaka zinayi, ndinaumirira kuti azipita kwa madamu ena ake kuno ku Santhe, amene ana awo amaimba masiku a sabata m'Chingerezi osapumira. Akazi anga, aNabanda, ankafuna sukulu ya kutchalitchi, pafupi ndi mjigo. Ndinakana.

"Kumene ana amangoumba ng'ombe zadothi kuja? Dothi pakhomo pano latha?"

Anangondiyang'ana, n'kupitiriza kusenda mtedza wawo.

Ndiye Lachiwiri mayi ake a Tadala anapita kumaliro ku Lukwa, ntchito yokatenga mwana n'kugwera ine. Ndinapalasa njinga monyadira, ndikuti ndikamveko Chingerezi chaulere.

Pachitseko cha sukulu ndinapeza loko. Mayi wina wogulitsa tomato anandilozera kuseri. "Ali kuchigafa, agogo. M'chipindamo asungamo fodya wouma kuti asanyowe."

Inde, kuchigafa. Kwa inu a m'tauni, chigafa ndi shedi ya udzu yoyanikamo fodya. Ana anali atakhala pafumbi, fodya ali lendelende pamitu pawo. Ndinayesa kuwawerenga, koma nditapitirira makumi atatu mutu unazungulira. Wamkulu anali mmodzi yekha, madamuwo, manja ali kalikiliki kusoka fodya, pakamwa pokha ndi pamene pankaphunzitsa. Pakona panali chopopera mankhwala, botolo lake lili pambali, kamwana kena kakuseweretsa paipi yake.

Tadala anali kumapeto, akutsokomola. Chifuwa chimenechi chinamuvuta masabata awiri, ife kunyumba n'kumanamizira mphepo. Ine ndakalambira m'fodya. Ndimadziwa mmene amakandira pakhosi pa munthu wamkulu, nanga kamwana?

"Ana, perekani moni kwa agogo!" anatero madamu.

Anakuwa Chingerezi chija onse pamodzi. Sichinandikome.

"Madamu, nanga anawa akafuna kudzithandiza?"

"Chimanga chili apocho."

"Madzi osamba m'manja?"

"Agogo, mwabwera kudzatenga mwana kapena akutumani a boma?"

Ndinamukweza Tadala pakaliyala n'kumapita. Ndili m'njira ndinazindikira kuti palibe anandifunsa kuti ndine yani. Ndikanafuna ndikanatenga awiri.

Madamuwo sindinawakwiyire kwenikweni. Si munthu woipa, ndipo fodya tonse tikudziwa kuti sadikira. Wolakwa ndi ine, amene ndinasankha sukulu ndi makutu, miyendo osalowamo ngakhale tsiku limodzi.

Alimi anzanga, taganizani. Nthawi ya mbande timakhala bwanji? Kudambo m'mawa, kudambo madzulo. Mabedi timawaphimba ndi udzu, timamanga mpanda kuti mbuzi isalowe, mlangizi akabwera timamufunsa mpaka amayang'ana wotchi. Kodi alipo amene anasiyapo mbande zake kwa munthu wosamudziwa chifukwa choti amaimba bwino? Koma mwana timamusiya pageti n'kutembenuka, kulowa osalowa.

Lachitatu ndinayamba ndi kuchipatala, kumene anandiuza kuti mwanayo atalikirane ndi fumbi la fodya. Pobwerera ndinakhotera kutchalitchi kuja, chipewa chili m'manja. Ndisanafike n'komwe pakhonde, mlezi wa ana, mayi wochepa thupi koma wamaso akuthwa, anali atandiimika kale.

"Takulandirani, agogo. Ndinu yani, ndipo mukufuna mwana wa yani?"

Funso limeneli linandikoma kuposa moni wa dzulo lake.

Anandiyendetsa paliponse popanda kunyinyirika. Alezi alipo atatu, ndipo awiri anakachitako maphunziro a kaleredwe ka ana. Aang'onoang'ono ali paokha, okulirapo paokha. Chimbudzi chili ndi dzenje laling'ono loti mwana sangagweremo, panja pake pali kachigubu ka madzi ndi sopo. Phala amaphika ndi chimanga chimene makolo amasonkha. Wotopa amagona pamphasa. Chikwapu ndinachifufuza ndi maso, sindinachione. Ana ankawerengera zitsekerero za mabotolo m'Chichewa chathuchi, Chingerezi chikubwera pang'onopang'ono m'nyimbo.

Musaganize kuti ndi kumwamba. Denga likudontha mbali imodzi, ndipo mpanda wagwa. Koma mayiyo ananena yekha ndisanafunse, n'kuwonjezera kuti Loweruka makolo akukumana kudzakonza zimenezi. "Mubwere ndi nkhwangwa, agogo."

Ndinafunsa za ng'ombe zadothi zija, mawu nditatsitsa.

"Agogo, pensulo imafuna zala zolimba. Zimalimbira pamenepa. Komanso tamufunsani uyu kuti ng'ombe yake ili ndi miyendo ingati."

Kamtsikanako kanati inayi, kenaka kanathyola umodzi n'kunena kuti itatu. Ine masamu amenewo ndinawadziwa ndi zikwapu.

Ndiye makolo, lowani. Musaimire pamsewu ngati ine. Werengani ana, muwerengenso akuluakulu owayang'anira. Funsani ngati anaphunzira ntchitoyo. Suzumirani m'chimbudzi, nunkhizani m'chipinda, yang'anani pakona. Ndipo mupite tsiku limene sakukuyembekezerani, makamaka nyengo ino ya fodya. Akakwiya ndi mafunso anu, yankho mwalipeza kale.

Madzulo ake ndinafotokozera aNabanda zonsezi ngati kuti nzeruzo ndazitulukira ndekha. Anamvetsera mpaka kumapeto, Tadala ali pamiyendo pawo.

"Mwatha, bambo a Yohane? Mawa mukamusiye nokha kutchalitchi kuja. Ndipo mukapempheko dothi lotsala, anawo akakuumbireni mutu wina."