Ndinapha yisiti ya eni, n'kubisa

Inu owerenga, ine ndinawononga ntchito imene munthu anaivutikira zaka zambiri, ndipo ndatopa nako kubisa.

Kale ndinkatsuka mabotolo mu labotale ina ku Lusaka. Abwana anga, Mayi Tembo, ankaweta yisiti. Musaseke, yisiti ndi yamoyo, ndipo yawoyo sinali ya mabanzi ayi. Ankati mankhwala ena amabadwa awiriawiri ngati manja, lamanja ndi lamanzere. Wina amachiza, mnzakeyo alibe ntchito kapena amavulaza. Iwo anasankhasankha yisiti mpaka anapeza yopanga wochiza yekhayo.

M'zaka za m'ma 1990 ntchito zitayamba kutha, labotaleyo inatsekedwa. Ndinabwerera kwathu ku Rufunsa n'kutsegula kagolosale m'mbali mwa msewu, muli firiji ya palafini. Tsiku lina Mayi Tembo anatsika basi ndi timabotolo titatu ta yisiti yawo ija m'kabokosi.

"Munisungileko, bambo. Isachoke mu firiji olo tsiku limodzi," anatero.

Ndinalonjeza. Koma mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, basi inafera pakhomo panga penipeni. Anthu onse ankafuna zakumwa zozizira, malo m'firiji osakwana. Ndinachotsa kabokosi kaja n'kukaika pashelefu pansi pa malata, ati kanthawi kochepa. Ndinadzakakumbukira patapita milungu itatu. Yisiti inali itauma, nkhungu ili yariyari.

Apa m'pamene ndinalakwa zenizeni. Chifukwa cha manyazi, ndinatsuka timabotoloto bwinobwino, poti kutsuka ndiye ntchito yanga, n'kuikamo yisiti ya mabanzi. Mayi Tembo atabwera kudzatenga, anandithokoza ndi manja awiri, ine n'kulandira osaphethira.

Patatha chaka ndinalandira kalata yawo. Anali atapeza malo ena ogwirira ntchito, anayesa miyezi yambiri, koma yisiti sinkachitanso zija. Analemba kuti mwina anadzinamiza okha kuyambira pachiyambi, choncho zasayansi azisiya. Anawonjezera kuti ine ndisadandaule, mbali yanga ndinaichita mokhulupirika.

Kalatayo sindinaiyankhe. Ndinkangoti mawa, mawa, mpaka ndinamva kuti anamwalira.

Abale anga, mukawononga chinthu chimene mnzanu anakusungitsani, nenani tsiku lomwelo. Akalipe, akutukwaneni, zimatha. Ndikanaulula, mayi aja akanalira yisiti yokha n'kuyambiranso. Koma anapita kumanda akudziyesa mbuli, pamene anali atalondola.